Funsani Dokotala: Kodi bambo angadwale khansa ya m'mawere?

FUNSO: Adokotala ndithandizeni, ine ndi mayi wa ku Chilomoni. Amuna anga ali ndi zaka 58 ndipo chaka chatha anatuluka kachotupa pansi pa nsonga ya bere lakumanzere, kolimba ngati nzama youma koma sikapweteka. Panopa nsonga ija yayamba kulowa mkati ndiye tsiku lina ndikuchapa ndinaona timadontho ta magazi pa vesiti yawo. Ndikawauza zopita kuchipatala amangoseka akuti iwowo si mzimayi. Kwa asing'anga anapitako, anawatemera mphini koma palibe chasintha. Kodi n'zotheka bambo kudwala khansa ya m'mawere kapena ndi chithupsa chabe?

YANKHO: Mayi, n'zotheka ndithu. Mwamuna aliyense ali ndi bere kungoti ndi laling'ono, kuseri kwa nsonga ija kuli timinofu ndi tinjira tofanana ndi tomwe timadutsa mkaka mwa amayi, ndiye khansa ikamayamba imayambira momwemo. Sizichitika kawirikawiri ayi, a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati mwa anthu 200 odwala khansa ya m'mawere amuna amakhala mmodzi kapena awiri basi, ndipo ambiri amakhala a zaka za m'ma 60. Koma kuchepa kumeneko ndi komwe kumachedwetsa abambo, chifukwa palibe amene amaiganizira, mwini wake ngakhale achipatala ena.

Matenda sitiyeza pafoni, koma zomwe mwafotokozazi sizikumveka ngati chithupsa. Chithupsa chimapweteka, chimatentha, munthu sagona nacho tulo, pakatha sabata kapena awiri chaphulika mafinya atuluka nkhani yatha. Chanuchi chatha chaka, chili mbali imodzi, ndi cholimba, chikukoka nsonga kulowetsa mkati komanso chikutulutsa magazi. Ndipo kusapwetekako musakutenge ngati nkhani yabwino, khansa ya bere ikamayamba nthawi zambiri sipweteka, ululu umabwera zinthu zitafika kale patali. Mathew Knowles, bambo ake a woimba Beyoncé, anaulula mu 2019 kuti anawapeza ndi khansa yomweyi, ndipo chomwe chinawadzidzimutsa ndi timadontho ta magazi pa malaya, chimodzimodzi zomwe mwaona inu pochapa. Anapita msanga, anawachita opaleshoni.

Vuto la bere la mwamuna ndi loti mulibe mnofu wambiri, chotupa sichiyenda mtunda wautali kuti chifike pakhungu kapena chigwire minofu ya pachifuwa, kenako chimapita m'khwapa. Madzulo ano muwapemphe akweze mkono, mupapase m'khwapa lakumanzerelo ndi zala zitatu ngati muli mwanabere wolimba, muyang'anenso khungu lozungulira nsonga ngati lachita makwinya, kachilonda kapena nkhanambo yosapola. Mupeze musapeze, ulendo wakuchipatala ulipobe sabata ino.

Tengani kabuku kawo ka kuchipatala mupite ku health centre yanu, mukanene mosazungulira kuti pali chotupa pabere chatha chaka ndipo chikutuluka magazi, mukapemphe kalata yopita ku Queens kwa madokotala a maopaleshoni. Mukangopatsidwa amoxyl ndi panado n'kuuzidwa kuti mudzabwere zikapitirira, funsani mwaulemu koma molimba kuti kodi chotupachi chiyezedwa liti, chifukwa chotupa cha chaka chathunthu sichisungunuka ndi makapisozi. Kuchipatala chachikulu akachigwira, mwina akajambula ndi sikani kapena mammogram (X-ray ya bere), koma chomwe chimapereka yankho lenileni ndi biopsy, amabaya jakisoni wochititsa dzanzi n'kutengako kanyama kakang'ono ndi singano kupita nako ku labu. Ndimamva anthu akuopsezana m'makwalalamu kuti khansa ikangokhudzidwa ndi singano kapena mpeni ndiye imalusa n'kufalikira thupi lonse. Bodza limenelo. Chomwe chimachitika n'choti anthu ambiri amafika kuchipatala itafalikira kale ndiye achibale amaloza chala opaleshoni. Zotsatira zimatenga masabata angapo, musiye nambala ya foni yogwira ndipo muzilondola nokha, osangokhala kunyumba kudikira kuitanidwa.

Ikapezeka kuti ndi khansa, nthawi zambiri amachotsa bere lonselo pamodzi ndi nsonga yake komanso tinthu ta m'khwapa tomwe khansa imathawiramo, pamatsala chipsera chopingasa, atavala malaya palibe angadziwe. Ena amalandiranso chemo, mankhwala opha khansa a m'madiripi, ena amawotchedwa ndi makina a radiotherapy, zimatengera pomwe yafika. Ndiye pali ubwino umodzi, mwa abambo 10 odwala khansayi pafupifupi 9 khansa yawo imakula chifukwa cha homoni ya estrogen, choncho piritsi la tamoxifen lomwe limatchinga homoniyo limagwira bwino ntchito. Amamwa limodzi patsiku kwa zaka 5, ena kupitirira. Ndinenerethu poti ndinu akazi awo, piritsili limatha kubweretsa kutentha thupi mwadzidzidzi, kunenepa ndiponso kuchepetsa chilakolako kuchipinda, ndipo abambo ena amalisiya mwakachetechete pa chifukwa chomalizachi osauza munthu. Zikatero akambirane ndi dokotala wawo, asangolisiya. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka kapena akayamba kubanika, thamangani nawo tsiku lomwelo chifukwa nthawi zina limaundanitsa magazi.

Tsono inu bambo, poti ndikudziwa kuti mayi akuwerengerani izi, zoti ndinu mwamuna palibe akutsutsa. Kuvula shati pamaso pa dokotala ndi mphindi zochepa chabe, ndipo khansa imeneyi ikapezeka isanachoke m'bere anthu ambiri amachira. Mukapanda kuwamvera mayi ndawapatsa chilolezo akauze ankhoswe.

FUNSO: Doc ine ndi mnyamata wa zaka 34 ku Kasungu, ndinayamba ma ARV mu 2015 ndiye patapita miyezi mawere onse awiri anakula ngati a mtsikana, amapwetekako ndikawagwira. Anzanga ku bawo amandinena mpaka ndinasiya kuvala ma T-shirt othina. Mankhwala anandisinthira koma sanabwerere mwakale. Ndi khansa imeneyi? Nanga ndisiye kumwa?

YANKHO: Achimwene, mankhwala musasiye, ngakhale tsiku limodzi. Zomwe mukunenazi zikufanana kwambiri ndi vuto lomwe timalitcha gynaecomastia, bere la mwamuna kukula chifukwa mahomoni asokonekera, ndipo si khansa. Mu 2015 anthu ambiri kuno kwathu ankamwa ARV yotchedwa 5A yomwe inali ndi mankhwala a efavirenz, ndipo efavirenz amadziwika bwino ndi zimenezi. Kuyambira 2019 ambiri anasamutsidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, ena mawere anaphwa, koma bere likakhala lotupa kupitirira chaka mnofu wake umakhwima ndiye subwereranso wokha, chotsala ndi opaleshoni yaing'ono ngati likukusowetsani mtendere.

Kusiyana kwake mukhoza kukumva ndi zala. Gonani chagada, tsinani pang'onopang'ono kuchokera m'mbali kupita ku nsonga. Gynaecomastia imamveka yofewerako, yozungulira bwinobwino pansi penipeni pa nsonga, imasuntha, nthawi zambiri mbali zonse ziwiri ndipo imanyerenyetsa kapena kupweteka. Khansa imakonda mbali imodzi, yolimba gwa, yosasalala, mwina yopatuka pang'ono pambali pa nsonga. Si ma ARV okha amene amakulitsa mawere, palinso spironolactone wa mtima ndi BP, cimetidine wa zilonda za m'mimba, majakisoni okuza minofu omwe anyamata ena a ku jimu amabayana, kunenepa kwambiri, komanso chiwindi chikaonongeka ndi kachasu kapena hepatitis B. Anyamata akamatha msinkhu nawonso ambiri amatupa mawere ndipo zimatha zokha, makolo asamavutike. Ulendo wina mukamakatenga mankhwala muwaonetse akugwireni alembe m'kabuku, ndipo mbali imodzi ikadzayamba kulimba mosiyana ndi inzake kapena kutuluka madzi, musadikire tsiku la appointment.

FUNSO: Ndili ku Johannesburg, zaka 45. Mayi anga anamwalira ndi khansa ya m'mawere, chemwali anga awapezanso nayo ali ndi zaka 41. Ine ngati mwamuna zikundikhudza? Ndili ndi ana aakazi awiri.

YANKHO: Pepani ndi zomwe zagwa pabanja panu. Zikukukhudzani, inde. Anthu awiri apachibale chapafupi chonchi, wina n'kudwala asanafike zaka 50, timaganizira zoti mwina m'banjamo mukuyenda jini yolakwika (jini ndi kanthu ka m'thupi komwe mwana amatengera kwa makolo ake), zodziwika kwambiri ndi BRCA1 ndi BRCA2. Imadutsa kwa bambo chimodzimodzi kwa mayi, ngati mayi anu anali nayo mpata woti inu munatengera ndi theka, ndipo ngati muli nayo mwana wanu aliyense mpata wake ndi theka. Kwa mwamuna yovuta ndi BRCA2, mwa amuna 100 omwe ali nayo pafupifupi 7 amadzadwala khansa ya bere, komanso imakweza chiopsezo cha khansa ya prostate yomwe imabwera msanga ndiponso yaukali. Mathew Knowles ndamutchula pamwambapa anapezeka ndi BRCA2 yomweyi.

Poti muli ku Joni, kuyezetsa magazi kapena malovu kuti aone jiniyi kumachitika, funsani ku kiliniki akutumizeni kwa a genetic counselling, alangizi a za matenda otengera kwa makolo. Zimakhala bwino woyamba kuyezedwa akhale chemwali anuwo chifukwa ndi amene akudwala, ikapezeka mwa iwo ndiye enanu amangofufuza cholakwika chomwecho. Pakadali pano muzidzipapasa pachifuwa ndi m'khwapa kamodzi pamwezi posamba, mowa muchepetse, ndipo pa zaka 45 ndi mbiri yotereyi kambiranani ndi dokotala zoyezetsa PSA, kuyeza magazi kofufuza khansa ya prostate. Ana aakaziwo ngati akadali ang'ono palibe choyeza panopa, kuyeza jini kumadikira afike zaka 18 asankhe okha, koma akamakula adziwe kuti agogo awo ndi azakhali awo anadwala chiyani komanso ali ndi zaka zingati, chifukwa dokotala aliyense adzawafunsa zimenezo.