Tawuni ikukula, nanga makasitomala anu akuchuluka?

Mafunso atatu a ulendo uno akukhudza nkhani imodzi: kuchuluka kwa anthu m'matauni athu, ndi zomwe wageni angachite ndi manambala a kalembera.

"Ndili ndi golosale ku Chinamwali, chaka chachisanu tsopano. Malonda sakukwera, sakutsika. Achimwene anga akuti Zomba inagona, ndisamukire ku Lilongwe kapena ku Mzuzu komwe anthu akuchuluka. Ndigulitse zonse ndinyamuke?" (Mayi wa ku Zomba)

Mayi, pa manambala achimwene anuwo sakunama. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018, amene anachita a National Statistical Office omwe likulu lawo lili kwanu konko ku Zomba, anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe, 800,264 ku Blantyre, 221,272 ku Mzuzu ndi 105,013 ku Zomba. Kuchokera mu 2008, Mzuzu inkakula ndi 5.4 peresenti pachaka, Lilongwe 3.8, Zomba 2.5, Blantyre 2.0. Mukafuna kudziwa tanthauzo la maperesentiwa, gawani 70 ndi nambalayo, mupeza zaka zimene anthu angachuluke kawiri: Mzuzu zaka 13, Lilongwe 18, Zomba 28, Blantyre 35.

Peresenti payokha imapusitsa. Mzuzu ndi imene inathamanga kwambiri, koma pa zaka khumizo inawonjezera anthu pafupifupi 90,000, pamene Lilongwe inawonjezera oposa 300,000, kuposa anthu onse a mumzinda wa Mzuzu. Ndipo Zomba yomwe akuti inagonayo, 2.5 peresenti ya anthu 105,000 ndi anthu 2,600 pachaka. Poti khomo limodzi m'Malawi muno limakhala ndi anthu 4.4 tikawerengera pakatikati, ndiye kuti makomo atsopano pafupifupi 600 chaka chilichonse. Funso loyamba lisakhale lakuti musamukire kuti. Dzifunseni kuti makomo 600 amenewo akumangidwa mbali iti ya Zomba, ndipo akugula kwa yani sopo ndi mchere.

Golosale sigulitsa kwa mzinda wonse. Imagulitsa kwa anthu okhala pamtunda woti mwana wotumidwa mafuta ophikira apite ndi kubwera ndiwo zisanapserere, tinene kuti mphindi khumi wapansi. Anthu 989,318 a ku Lilongwe sadzaponda pakhomo panu. Adzabwera ndi a makomo mazana angapo okuzungulirani, ndipo makomo amenewo mudzagawana ndi maokala ena onse a pamenepo. Lilongwe imawonjezera anthu pafupifupi 100 tsiku lililonse, inde, koma gawo lalikulu ndi makanda obadwira momwemo, ndipo mwa akuluakulu obwera kuchokera kumudzi ambiri alibe ntchito yolembedwa. Akafika nawonso amakhoma benchi pakhomo n'kuyalapo tomato, makala ndi timapaketi ta shuga. Kumene anthu akuchuluka, ogulitsanso akuchuluka, kawirikawiri mofulumira kuposa ogula.

Musanagulitse shelefu ngakhale imodzi, chitani masamu awa pa malo amene mukuwafunawo, ndipo muwachitenso pa malo amene muli pano kuti mufanizire. Manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muikemo anu. Tinene kuti lendi, magetsi, chiphaso cha kukhonsolo, mlonda ndi mwana wothandiza m'shopu zonse pamodzi zikukwana K300,000 pamwezi. Tinenenso kuti pa K100 iliyonse imene mwagulitsa mumatsala ndi K10 mukachotsa mtengo wopikulira ndi thiransipoti. Kuti mungolipira zofunikazo, inu musanadyepo kalikonse, muyenera kugulitsa katundu wa K3,000,000 pamwezi, kutanthauza K100,000 patsiku. Ngati kasitomala mmodzi amasiya K2,000, mukufunika makasitomala 50 tsiku ndi tsiku.

Tsopano yendani wapansi mphindi khumi mbali zonse zinayi, kope m'manja. Werengani zitseko, osati madenga, chifukwa mdadada umodzi wa lendi ukhoza kukhala ndi mabanja asanu ndi limodzi. Werenganinso aliyense wogulitsa zomwe inu mumagulitsa, ndi uja wogulitsira pawindo la kuchipinda yemwe. Mukapeza makomo 400 ndi ogulitsa 8 kuphatikizapo inuyo, gawo lanu ndi makomo 50. Khomo lililonse likamagula kwa inu kamodzi pa masiku awiri, amenewo ndi makasitomala 25 patsiku, theka la omwe mukufuna. Malo otero asiyeni, ngakhale ali mumzinda wothamanga chotani.

Khalaninso pamalopo masiku atatu osiyana, lina pakati pa mwezi, lina anthu atangolandira, lina Loweruka, kuyambira 6 koloko mpaka 8 m'mawa ndi 4 koloko mpaka 7 madzulo. Lembani odutsa, ndipo muike chizindikiro pa amene anyamula jumbo. Onani mbali ya msewu imene anthu amayenda akamaweruka, chifukwa munthu sagula zambiri popita kuntchito, amagula pobwerera, ndipo sawoloka msewu wa magalimoto chifukwa cha buledi.

Pali chuma china chimene simungachikweze pa lole. Zaka zisanu zija zakupatsani anthu amene amadutsa maokala awiri kubwera kwa inu, mukudziwa woyenera kumukongoza ndi wosayenera, ndipo mwina kumene mumapikula amakupatsani katundu wolipira mawa. Ku Lilongwe mukayambira pa ziro, lendi yokwera, alandilodi akufuna ya miyezi itatu pamodzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Uphungu wanga ndi woti golosale ya ku Chinamwali ikhale, muyambe mwafufuza mbali za Zomba kumene kukukwera nyumba zatsopano. Mukakopeka ndi madera okhala ophunzira a ku yunivesite ngati Chikanda, kumbukirani kuti sukulu ikatsekera malonda amagwa, choncho lendi ya miyezi ya holide muiwerengeretu. Ngati mtima uli ku Lilongwe ndithu, kayeseni ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mpamba wanu kwa miyezi isanu ndi umodzi, pa malo a lendi ya mwezi ndi mwezi. Koma mukapanda munthu wokhulupirika wosiyira ku Zomba, mapanga awiri avumbwitsa.

"Ndili ku Joni, ndasunga kangachepe. M'bale wanga wandipezera puloti yotchipa kunja kwa Lilongwe, akuti tawuni ikubwera komweko. Ndikufuna kumanga nyumba za lendi, ndalama zikachepa nditenge ngongole kubanki." (Bambo wa ku Johannesburg)

Bambo, kuti tawuni ikusefukira kunja n'zoona. Nambala ya kalembera ya mzinda imathera pa malire a khonsolo, koma nyumba sizidziwa malire. Anthu ambiri ogwira ntchito mu Lilongwe amagona kunja kwa malirewo, mbali za Chigwirizano, Njewa kapena Nathenje, ngati momwe a ku Blantyre akufalikira cha ku Lunzu ndi Chileka. Kungoti tawuni siyenda mofanana mbali zonse. Imatsata msewu, madzi ndi magetsi. Puloti yomwe ili makilomita awiri kuchokera pa tala koma njira yake imaduka ndi mvula ikhoza kudikira alendi zaka zambiri, pamene ya pafupi ndi siteji ya minibasi imapeza munthu denga lisanathe.

Tumani munthu wina, osati amene wakupezerani maloyo, akaone zinthu izi ndi kukujambulirani pa WhatsApp. Pa mapuloti 50 oyandikana ndi yanuyo, ndi angati ali ndi anthu ogonamo, angati afika pa windo kapena pa lintala, angati akadali chimanga? Pa zomangidwa zosathazo, kodi pali mchenga watsopano ndi amisiri, kapena njerwa zinachita ndere ndipo udzu unamera m'zipinda? Maziko ambiri ongosiyidwa amasonyeza kuti eni ake ndi anthu ngati inu, ogula kudikira mtengo, osati okhalamo. Polo ya ESCOM yomaliza ili patali bwanji? Madzi amatunga kuti, pa mpopi wa Lilongwe Water Board, pa mjigo kapena pachitsime? Nanga kabaza kuchokera pa siteji ndi ndalama zingati? Wa lendi amaphatikiza lendi ndi thiransipoti. Nyumba yotchipa imene imamudyera kabaza kawiri patsiku kwa iye ndi yodula.

Za umwini ndiye muchenjere kwambiri, chifukwa kumene malo akukwera mtengo n'kumene puloti imodzi imagulitsidwa kwa anthu atatu. Malo ambiri a m'mphepete mwa mzinda ndi a makolo, ndipo kakalata kosainirana pansi pa mtengo sikokwanira. Wogulitsayo abwere ndi abale ake onse okhudzidwa, mfumu ya deralo ikhalepo, oyandikana nawo aloze malire, ndipo musanapereke ndalama yomaliza mukafunse ku ofesi ya zamalo ndi kukhonsolo ngati pamalopo sipanakonzedwe msewu, sukulu kapena mawaya a magetsi. Ndalama muzilipira m'magawo kudzera kubanki kuti pakhale umboni. Malo otchipa modabwitsa kawirikawiri amakhala a m'dambo, m'mphepete mwa mtsinje kapena pa phiri. Zimene namondwe Freddy anachita mu Marichi 2023 ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche ku Blantyre zikukwanira kutiphunzitsa za malo otere. Puloti muikaonetse mu Febuluwale mvula ili pakati, osati mu Okutobala pamene paliponse pamaoneka pouma.

Tibwere ku ngongole. Tiyerekeze kuti malo ndi mdadada wa makomo anayi zakudyerani K20 miliyoni, ndipo khomo lililonse ndi K60,000 pamwezi. Musawerengere miyezi 12. Werengerani 10, chifukwa wina adzatuluka, wina adzathawa ndi lendi usiku. Imeneyo ndi K2,400,000 pachaka. Chotsanipo zokonzetsa, penti, maloko ndi kupopa chimbudzi, mutsala ndi K2,000,000 kapena kucheperapo, yomwe ndi 10 peresenti ya zimene munalowetsa. Chiwongoladzanja cha m'mabanki athu chakhala chikuposa 20 peresenti m'zaka zaposachedwapa. Kukongola pa 20 kuti mupeze 10 ndi kugwirira ntchito banki. Onjezani apo kuti kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata zimakwera sabata yomweyo pamene lendi simungaikweze msanga chifukwa malipiro a alendi anu sanasinthe. Mangani ndi ndalama zanu, makomo awiri kaye, chimbudzi ndi bafa zabwino, alowemo anthu, kenaka muziwonjezera.

Mwinanso nyumba si geni yoyamba yoyenera pamalopo. Dera latsopano limagula zinthu motsatana. Poyamba, pamene aliyense akumanga, zimayenda ndi simenti, mabuloko, misomali, waya, madzi a pa ngolo ndi nsima ya amisiri masana. Anthu akayamba kugonamo m'pamene pamafunika golosale, makala, chigayo, wometa, ndi ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Pakapita zaka zingapo pamafunika sukulu ya mkaka, poti theka la Amalawi ndi ana osakwana zaka 18 ndipo mabanja osamukira kumalo atsopano ambiri ndi achinyamata. Amene amatsegula saluni pamene anzake akukumba maziko amatseka asanaone phindu, ndipo wa hadiweya amene wachedwa mpaka nyumba zonse zafoleredwa amatsala ndi simenti youma m'matumba.

"Ndamva kuti Mangochi ili ndi anthu oposa miliyoni imodzi, kuposa mzinda wa Lilongwe. Ndikufuna kukatsegula shopu ya mafiriji, ma TV ndi makuka pa boma." (Mnyamata wa ku Limbe)

Achimwene, mwasakaniza boma lonse ndi tawuni yake. Anthu oposa 1.1 miliyoni aja ndi a boma lonse la Mangochi, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Monkey Bay ndi Namwera. Tawuni ya Mangochi payokha inali ndi anthu ongopitirira 53,000 mu 2018, makomo ngati 12,000. Karonga inali ndi oposa 60,000, Kasungu pafupifupi 59,000. Dziko lonse, mwa anthu 17,563,749, okhala m'matauni anali 16 pa 100 alionse basi.

Pa katundu wanuyo nambala yofunika si ya anthu, ndi ya makomo okhala ndi magetsi. Kalembera yemweyo anapeza kuti makomo pafupifupi 11 okha pa 100 ndiwo ankaunikira magetsi, pamene oposa theka ankadalira matochi a mabatire. Pa boma pali magetsi ndithu, koma ogula firiji ndi ochepa, firiji imagulidwa kamodzi pa zaka zambiri, ndipo ku Mangochi mabanja ambiri ali ndi abale ku Joni amene amawatumizira katundu wotereyu. Mudzakhala ndi mpamba wonse utaima m'shopu ukuchita fumbi.

Anthu miliyoni aja mukhoza kuwafikira, koma ndi katundu wina. Kalembera amawerenga munthu kumene amakhala, pamene pa boma masana pamadzaza anthu a kumidzi obwera kuchipatala, kubanki, kumsika ndi kudepoti. Amenewa amagula zonyamulika pa njinga kapena m'minibasi: masola aang'ono, mabatire, matochi, mawailesi, machaja ndi mafoni otsika mtengo. Ikani magawo atatu mwa anayi a mpamba pa zimenezi, shopu ikhale pakati pa depoti ndi msika. Mafiriji ndi makuka ikani chimodzi chimodzi choonetsa, muziitanitsa ku Limbe munthu akapereka theka. Katundu wambiri muzioda kuyambira Epulo mpaka Ogasiti pamene anthu akolola ndi kugulitsa; Januwale ndi Febuluwale ndalama zonse zimapita ku chimanga ndi fizi, ndiye miyezi imeneyo musadzaze mashelefu, ndipo lendi yake mukhale mutaisunga kale pofika Okutobala.