Mafunso ndi Mayankho: Nyimbo yanga ikumveka paliponse, nanga ndalama zili kuti?

FUNSO

Akonzi, ndine mnyamata woyimba wa ku Chinamwali kuno ku Zomba. Chaka chatha ndinajambulitsa nyimbo mu situdiyo ina ya ku Matawale, ndipo ndinalipira ndalama zonse zimene wojambulayo anatchula. Nditaitumiza kwa anzanga pa WhatsApp, nyimboyo inafala moti tsopano ndimaimva m'minibasi za ku Songani, m'mabala a pa Mpondabwino ngakhalenso m'mafoni a anyamata a kabaza, koma sindinalandirepo ngakhale tambala. Chondiwawa kwambiri n'chakuti wojambula uja anaiika pa tsamba lake la YouTube, ndipo akuti popeza biti ndi yake, nyimbonso ndi yake. Kodi mwini nyimboyi ndani, nanga ndalama za pa intaneti zimene anthu amanenazi zimadzera kuti?

Woyimba wodandaula, Chinamwali

YANKHO

Achimwene, dandaulo lanu ndi la oyimba ambiri a masiku ano, ndipo gwero lake ndi makina omwewo amene anakuthandizani kujambula. M'nthawi ya makaseti, woyimba ankasonkha ndalama n'kukwera basi kupita ku situdiyo ngati ya a Paul Banda ku Balaka, kenako n'kukasiya chimbale chake kwa ogulitsa monga O.G. Issa ku Limbe. Phindu linali lochepa ndipo akuba nyimbo analipo kale, koma tepi inali chinthu chogwirika, chowerengeka, chimene munthu ankachitulutsira ndalama m'thumba. Lero situdiyo ndi chipinda chimodzi chokhomedwa matiresi m'makoma, muli laputopu yokhala ndi pulogalamu yojambulira nyimbo ya FL Studio kapena Cubase, maikolofoni imodzi ndi masipika awiri, ndipo magetsi akapanda kuzima nyimbo imatha tsiku lomwelo. Sindikunyoza zipangizo zochepazo ayi. Nyimbo za akaidi ndi asilikali a pa ndende yaikulu ya Zomba, zimene wojambula nyimbo wa ku America Ian Brennan anajambula mu 2013 ndi zipangizo zonyamula pamanja, zinafika popikisana nawo pa mphotho za Grammy mu 2016.

Vuto n'lakuti chimene chapepukitsa kujambula chapepukitsanso kukopera. Mnyamata wa pa benchi mumsika wa Zomba amadzaza nyimbo mazanamazana mu memory card pa ndalama yosakwana mtengo wa mbale ya chipisi, ndipo WhatsApp silipira woyimba aliyense ngakhale nyimbo itazungulira dziko lonse. Kumbukirani za a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, amene nyimbo yawo inaonedwa maulendo mamiliyoni ambiri pa TikTok iwo ali ndi zaka zoposa 90, eni akewo alibe n'komwe foni yoonerapo zimenezo. Kutchuka kunabwera msanga, koma ndalama zinayenera kulondoledwa m'njira zina.

Tsono tibwere pa nkhani ya umwini, imene kwa ine ndi yaikulu kuposa zonse m'kalata yanu. Nyimbo imodzi imakhala ndi maumwini awiri. Woyamba ndi wa chopekacho, kutanthauza mawu ndi mayimbidwe ake, ndipo wachiwiri ndi wa chojambulidwacho, chimene oyimba amachitcha master. Mawu ndi mayimbidwe amene munapeka ndi anu kuchokera pamene munawalemba kapena kuwajambula, ndipo lamulo la Copyright Act la 2016 limakutetezani. Koma ngati wojambulayo ndi amene anaumba biti kuchokera m'mutu mwake, nayenso ali ndi gawo m'chopekacho, pokhapokha ngati anakugulitsani biti yonse. Apa ndi pamene pagona mlandu: ndalama zimene munalipira zinali za nthawi ya mu situdiyo yokha, kapena zinali zogulira biti ndi master? Ambirife timagwirizana pakamwa chifukwa chochita manyazi kutulutsa pepala pamaso pa mnzathu, ndiye nyimbo ikadzaphulika aliyense amakumbukira mawu omukomera yekha. Wojambulayo akulakwa kunena kuti nyimbo yonse ndi yake, komanso inu mwina simungamuchotseretu.

Mupite kwa iye mwamtendere muli ndi mboni, mukalembe pepala lonena amene anapeka mawu, amene anapanga biti, mwini master, ndi gawo la aliyense pa 100 iliyonse ya ndalama zimene zidzabwere, kenako nonse musayine. Mukamupemphenso master ya mtundu wa WAV, yosafinyidwa, osati MP3 yofinyidwa imene munatumizirana pafoni. Musaiwale kumufunsa mosazungulira ngati biti ija anaipanga yekha, chifukwa ma biti ambiri amene amamveka m'masitudiyo a m'makwalala amachita kutengedwa pa intaneti, ndipo zikakhala choncho makina a Content ID a YouTube, amene amafufuza nyimbo za eni m'makanema, angathe kuizindikira n'kupatutsira ndalama zonse kwa mwini wake wakunja, inu awiri n'kutsala mukulimbirana chinthu cha eni.

Mukatero mukalembetse ku COSOMA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziyang'anira umwini wa ntchito za aluso. Bungweli limatolera ndalama ku mawailesi, ku nyumba za kanema ndi m'malo azisangalalo amene amaseweramo nyimbo, komanso limagawa ndalama za blank media levy, zimene zimachokera pa zipangizo zosungira ndi kukopera nyimbo zolowa m'dziko muno. Ndalamazi zinakonzedwa polingalira kukoperana kumene mukudandaula nako, koma sizingapeze munthu amene dzina lake ndi nyimbo zake sizili m'kaundula.

Za pa intaneti zimayenda motere. Spotify, pulogalamu yomverera nyimbo pa intaneti, inafika m'Malawi mu 2021, koma woyimba saikapo yekha nyimbo. Amadzera kwa makampani ogawa monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby, amene amapatsa nyimbo nambala yoizindikiritsa yotchedwa ISRC, n'kuitumiza ku Spotify, Apple Music, Boomplay ndi kwina, ndipo ndi iwo amene amalandira ndalama n'kuzipereka kwa amene analembetsa. N'chifukwa chake akauntiyo iyenera kukhala m'dzina lanu, osati la wojambula kapena la mnzanu wodziwa kompyuta. Musayembekezere zambiri poyamba. Kuyambira mu 2024, nyimbo imene sinamvedwe maulendo 1,000 m'miyezi 12 silandira kanthu pa Spotify, ndipo mtengo wa kumvera kumodzi umatengera dziko la womverayo, moti Mmalawi wa ku London amakubweretserani zambiri kuposa wa ku Jali amene akudandaula ndi mtengo wa bandulo.

Kunena zoona, anyamata a kabaza aja musawaone ngati adani. Iwo ndi amene angadzaze holo mukakonza phwando la zoyimba, ndipo oyimba ambiri kuno kwathu amadyera m'mashoo, m'maukwati ndi m'ntchito zotsatsa malonda. Chofunika n'chakuti dzina lanu lizilembedwa pa nyimbo iliyonse imene mukutumiza, ndipo mukaisiyenso ku mawailesi a konkuno monga YONECO FM ndi Chanco Community Radio muli ndi dzina la nyimbo ndi la opeka ake onse.

Wojambula uja akakana kukambirana, YouTube ili ndi njira yodandaulira kuti kanema achotsedwe chifukwa cha umwini, koma ndikulangizani kuti muyambe mwaonana ndi a COSOMA, popeza naye ali ndi chonena pa bitiyo. Pakadali pano sungani bwino kope limene munalembamo mawu a nyimbo, mauthenga amene munkatumizirana naye, ndi uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba wosonyeza tsiku ndi ndalama zimene munalipira.