Kuyimba, malonda ndi kuyankhula pagulu: musankhedi chimodzi?

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti mumayimba, masana mumagwira ntchito yotsatsa malonda, mukufuna kutsegula bizinesi yanu, ndipo anthu ayamba kukuitanani kukayankhula pamisonkhano. Abale akuti musankhe chimodzi poti mapanga awiri avumbwitsa. Nkhawa yawo ndikuimva, koma ine ndikuona kuti zinthu zinayizi si mapanga anayi. Zikhoza kukhala msewu umodzi, bola chilichonse chibadwe kuchokera pa chinzake.

Taonani Derek Sivers wa ku America. Anali woyimba amene ankangofuna kugulitsa CD yake pa intaneti. Oyimba anzake ataona kuti zikutheka, anayamba kumupempha kuti awagulitsireko awo. Mmenemo ndi mmene CD Baby, kampani yake yogulitsa ma CD a oyimba pa intaneti, inayambira mu 1998. Sanakhale pansi n'kumasakasaka bizinesi yoti achite, anzake ndiwo anamubweretsera. Mu 2008 anagulitsa kampaniyo pa madola 22 miliyoni, ndalamazo n'kuziika m'thumba lothandiza maphunziro a nyimbo. Zokayankhula ku TED, misonkhano yotchuka kumene anthu amakamba maganizo awo pagulu, zinadza pambuyo pake, ali ndi zaka khumi za zimene anadzionera yekha zoti afotokoze. Dr. Dre nayenso, woyimba komanso wojambula nyimbo wa ku America, anthu anakhulupirira mahedifoni a Beats, kampani imene anayambitsa ndi mnzake, chifukwa khutu lake ankalidziwa kale kuchokera mu situdiyo, mpaka Apple inagula kampaniyo mu 2014 pa madola 3 biliyoni.

Ndiye funso langa kwa inu ndi ili: oyimba anzanu amakupemphani chiyani kawirikawiri? Ndikukayikira ngati ndi mawu a nyimbo. Oyimba ambiri luso ali nalo, chimene chimawasowa ndi munthu wodziwa kufikitsa nyimbo kwa omvera, kulemba kalata yopempha kampani kuti ithandize shoo, kapena kuwerengera ngati chochitika chabweza ndalama. Inu zimenezi mumachita tsiku ndi tsiku kuntchito. Bizinesi yanu mwina ili pomwepo, musakaifune kutali.

Pomwe ndikugwirizana ndi abale anu ndi pa nthawi. Nyimbo imafuna kuyeserera, kasitomala amafuna kuyankhidwa lero lomwe, ndipo thupi ndi limodzi. Ntchito ya masanayo musaisiye msanga, ndiyo ikudyetsa zinazo. Dikirani bizinesi izidzilipirira yokha kwa miyezi ingapo yotsatizana. Ndalama za nyimbo ndi za bizinesi muzisunge padera, apo ayi simudzadziwa chimene chikupindula ndi chimene chikungodya chinzake.

Za kuyankhula pagulu, pitani akakuitanani, koma musathamangire kudzitcha mlangizi. Zimandipweteka kuona achinyamata aluso akutha mphamvu pophunzitsa ena za chipambano asanagulitse kanthu n'kamodzi komwe. Mukapatsidwa maikolofoni, kambani za shoo imene inalephereka ndi chimene munasintha pa yotsatira.

Mwezi uno sankhani woyimba mmodzi, mumutsatsire nyimbo yake mwa mgwirizano wolembedwa, ngakhale malipiro akhale ochepa. Mudzatiuze muno mmene zayendera, ndikufunitsitsa kumva.