Funsani Dokotala: Kodi kuwotcha khansa kumadzetsa khansa ina?

Adokotala, ndine mayi wa zaka 51. Zaka 7 zapitazo anandipeza ndi khansa ya khomo la chiberekero ndipo ndinakawotchedwa ndi makina opha khansa (radiotherapy) ku Lusaka. Ndinachira. Tsopano mng'ono wanga wa zaka 44 amupeza ndi nthenda yomweyo ndipo akuti akawotchedwe. Pa gulu lathu la WhatsApp anthu akuti makina aja amabzala khansa ina m'thupi, bola mankhwala azitsamba. Inenso kwa miyezi itatu ndikuona magazi ndikapita kuchimbudzi, ndikumwa mankhwala a nthenda ya mudzi omwe ndinagula ku famase. Kodi ndimuuze kuti akane?
Mayi wodera nkhawa, Mchinji

Mayi, funso mwalilemba ngati la mng'ono wanu, koma chimene chikukusowetsani tulo ndi magazi anuwo. Mukuganiza kuti zimene akunena pa WhatsApp zayamba kukuchitikirani, ndipo simukufuna kukhala inu amene munakankhira m'bale wanu m'njira yomweyo. Ndiyamba ndi za iye, chifukwa ndi iye amene nthawi ikumuthera.

A pa gulu lanuwo sakunama kotheratu, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imavuta kuithetsa. Cheza chimene makina amatulutsa chimapha khansa powononga DNA, malangizo a m'kati oyendetsa maselo ake. Podutsa chimakhudzanso maselo abwino oyandikana nawo. Ambiri amadzikonza, ena amafa, koma apo ndi apo lina limadzikonza molakwika, n'kudzasanduka khansa patapita zaka. Madokotala sitibisa zimenezi. Chimene uthenga wa pa foni susimba ndi kuchuluka kwake komanso nthawi yake.

Kafukufuku wamkulu wa ku America, yemwe anatuluka mu 2011 m'magazini ya zachipatala ya Lancet Oncology, anatsatira akuluakulu oposa 600,000 omwe anapulumuka ku khansa. Anapeza kuti mwa anthu 1,000 owotchedwa, pofika zaka 15 pamakhala khansa zina pafupifupi 5 zomwe zabwera chifukwa cha kuwotchako. Anapezanso kuti mwa khansa zachiwiri 100 zomwe zinagwira anthu owotchedwa, pafupifupi 8 zokha ndi zomwe gwero lake linali cheza. Zina zonsezo zinachokera kumene khansa imachokera nthawi zonse: fodya, mowa, ukalamba, chibadwa cha m'banja, tizilombo ngati HPV. Chiopsezo chimakwerako kwa amene wawotchedwa ali wachichepere. Mwachitsanzo, atsikana owotchedwa pachifuwa chifukwa cha khansa ya Hodgkin timawayang'anira mabere mosamala kwa moyo wawo wonse. Khansa ya m'magazi ikabwera imaonekera m'zaka 10 zoyambirira, pomwe zotupa kawirikawiri zimadikira zaka 10 kapena kupitirira, ndipo zimamera pamalo pomwe cheza chinadutsa kapena pafupi napo. Kwa wowotchedwa m'chiuno ndiye kuti chikhodzodzo, matumbo a kumunsi ndi njira ya abambo.

Tsopano ikani zimenezi pambali pa nthenda imene mng'ono wanu ali nayo lero. Akanena kuti akawotchedwe, kawirikawiri ndiye kuti chotupa chakula moti opaleshoni yokha singachichotse. Chikasiyidwa sichidikira zaka 15. Chimatseka timitsempha totsitsa mkodzo kuchoka ku impso, chimaboola chikhodzodzo mkodzo n'kumangotuluka, chimataya magazi, ndipo ambiri amatisiya m'zaka zochepa. Kukana kuwotchedwa poopa khansa ya mtsogolo kuli ngati kukana bwato madzi osefukira atafika m'khosi, ati chifukwa mabwato ena amagubuduka. Kuti munthu adzade nkhawa ndi khansa yachiwiri, ayenera kupulumuka kaye ku yoyamba. Inu mwafika zaka 7 chifukwa cha makina omwewo a ku Lusaka.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu amati wakuti anawotchedwa n'kumwalira pasanathe miyezi? Chifukwa ambiri amafika mochedwa. Kwa zaka zambiri odwala a ku Malawi ankadikira pamndandanda kuti atumizidwe ku Zambia, Tanzania kapena India, ena atayamba kaye ataya miyezi kwa asing'anga. Akafika, kuwotcha kumangokhala kochepetsa ululu ndi kutaya magazi. Maliro akachitika, mlandu umagwera makina, zitsamba zija osazitchula. Chamwamba ndi ndiwo zabwino ndithu, adye, koma sichinaphwetsepo chotupa cha pa khomo la chiberekero. Ndipo poti ena amaopanso izi: wowotchedwa ndi makina a kunja kwa thupi satenga cheza kupita nacho kunyumba, akhoza kunyamula ana ndi kudyera mbale imodzi ndi anzake.

Muuzeni apite, ndipo akayamba asadukize. Chithandizochi chimakhala cha masabata pafupifupi 5 akuwotcha kunja, nthawi zambiri pamodzi ndi mankhwala a kemo a cisplatin sabata iliyonse, kenaka kuwotcha kwa m'kati komwe madokotala amati brachytherapy. Zonse zimayenera kutha m'masabata 8, chifukwa masiku odumphidwa amapatsa chotupa mpata wophukanso. Banja likambirane za thiransipoti ndi womudikirira asanayambe, osati pakatikati. Ngati ali pa ma ARV asasiye ngakhale tsiku limodzi.

Tibwere kwa inu. Miyezi itatu, mayi! Munthu wodziwa bwino khansa ngati inu, n'kumadzipatsa nokha dzina la matenda pa kauntala ya famase? Ndikumvetsa kuti mantha ndiwo akukutsekerezani, koma wogulitsa mankhwala sanakuyezeni ndipo mwina simunamuuze n'komwe kuti munawotchedwa. Mwa amayi owotchedwa m'chiuno, magazi otere nthawi zambiri amachokera ku timitsempha ta m'matumbo a kumunsi tomwe cheza chinafewetsa, ndipo timachucha chimbudzi chikauma. Imeneyi si khansa, ndipo chithandizo chake chilipo. Ukhozanso kukhala mudzi weniweni. Koma vuto la timitsemphali limakonda kuyamba m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira, choncho magazi ongoyamba chaka cha 7, pa msinkhu wa zaka 51, sitingawaganizire chabe. Tiyenera kuona ndi maso kuti si khansa yakale yabwerera kapena yatsopano ya m'matumbo, yomwe ikapezeka msanga imachotsedwa ndi opaleshoni.

Sabata ino pitani ku chipatala cha boma chanu mukapemphe kalata yopita ku kiliniki ya khansa ku Kamuzu Central Hospital. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mapepala onse a ku Lusaka, chifukwa amasonyeza malo omwe anawotcha ndi mlingo wake. Akakuyezani magazi, akakupimani njira zonse ziwiri, ndipo mwina adzalowetsa kachipangizo ka kamera m'matumbo. Aliyense amene akufuna kudula kanyama kokayeza kapena kumanga mudzi muyambe mwamuuza kuti munawotchedwa, popeza nyama yowotchedwa imachedwa kupola ndipo ikhoza kubooka. Pakadali pano siyani aspirin, ibuprofen ndi diclofenac, amawonjezera kutaya magazi. Ngati mumasuta kapena kufwenkha fodya, lekani. Mukaona magazi ambiri, chizungulire kapena mtima kugunda mothamanga, musadikire kalata, pitani tsiku lomwelo.