Yankho: Gulu lodzipereka pa ngozi kuyunivesite

Achemwali, mwafunsa mmene mungayambitsire gulu lodzipereka kuthandiza pa ngozi kuyunivesite. Musayambe ndi ophunzira okha ayi. Kokani kaye alonda, ophika ndi aphunzitsi angapo, kenaka mupemphe a Red Cross kuno ku Mzuzu adzakuphunzitseni chithandizo choyamba. Ophunzira amamaliza n'kumapita, ndipo patchuthi pasukulu pamangoti zii. Otsala amakhala alonda.

Amene tikukumbukira laibulale ya Mzuni (Yunivesite ya Mzuzu) itapsa mu Disembala 2015 sitiuonanso moto ngati nthano. Komwe ndinaphunzira ine, tsiku loyamba kuyeserera kuthawa moto tinapeza chitseko chakumbuyo kwa hositelo chili chokhoma, kiyi ali m'thumba mwa munthu amene anali m'tauni. Tinaseka, koma mawa lake tinadulitsa makiyi atatu.

Moto ukakula, tulutsani anthu basi, muitane ozimitsa moto a khonsolo. Wovulala msana musamunyamule, dikirani achipatala.