Funsani za Kuthambo: Kodi Methane wa ku Mars Ndi Umboni wa Moyo?

FUNSO: Ndimaphunzitsa sayansi pasekondale ina ku Salima. Mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa kuti, popeza methane amachokera ku ndowe ndi zinthu zowola, ndipo akuti mpweyawu wapezeka ku Mars, kodi si ndiye kuti kumeneko kuli zamoyo? Kalasi inagawanika pawiri. Ndikawayankhe chiyani? — Mphunzitsi, Salima

YANKHO: Aphunzitsi, mwanayo mukamuyamikire, chifukwa funso lakelo lakhala likuwazunguza mutu asayansi kuyambira 2004. Koma mukamuuze mosapita m'mbali kuti methane payekha si umboni wa moyo.

Maganizo akewo ali ndi maziko. Pano padziko, methane wambiri amapangidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala malo opanda okosijeni: m'mimba mwa ng'ombe, m'matumbo a chiswe, m'matope a m'minda ya mpunga. Mukaponda m'dambo, thovu n'kumatuluka m'mbali mwa phazi, mpweya wambiri mmenemo ndi methane, yemwe uja amayaka pasitovu ya biogas.

Komatu nayo miyala imatha kumupanga. Madzi akakhudzana ndi mwala wotchedwa olivine pansi panthaka, pamatuluka hydrogen, ndipo hydrogen ameneyu akaphatikana ndi carbon dioxide amapanga methane popanda chamoyo chilichonse. Olivine ku Mars aliko. Ku Titan, mwezi waukulu wa Saturn kumene chombo cha Huygens chinatera mu 2005, kumagwa mvula ya methane ndipo kuli nyanja zake, pomwe kumazizira mpaka madigiri 179 pansi pa ziro. Palibe wasayansi amene amati nyanja zimenezo ndi ntchito ya zamoyo.

Nanga Mars akusiyana pati? Kumeneko kuwala kwa dzuwa kumaphwanya methane m'zaka pafupifupi 300. Choncho ngati lero alipo, ndiye kuti pali chinachake chimene chikumutulutsa masiku omwe ano, kaya ndi tizilombo, kaya ndi miyala, kaya ndi mpweya wakalekale umene unatsekeredwa pansi ndipo ukuthawira m'ming'alu.

Pamene pagona nkhani ndi apa: asayansi sanagwirizanebe ngati methaneyo alikodi. Mu 2004, gulu la Vittorio Formisano linati chombo cha Mars Express chamupeza, magawo pafupifupi 10 pa magawo 1 biliyoni alionse a mpweya. Kagalimoto ka NASA, bungwe la ku America loona zakuthambo, kotchedwa Curiosity, kamene kanatera m'chigwa cha Gale mu 2012, poyamba sikanapeze kanthu. Kenaka kumapeto kwa 2013 kanapeza magawo 7, ndipo mu June 2019 kanapeza magawo 21, koma patangopita masiku ochepa anatsika. Ana anuwo muwauze kuti mpweya umene tikupuma unowu uli ndi magawo oposa 1,900, kuti aone kuchepa kwake.

Ndiye panabwera Trace Gas Orbiter, chombo chozungulira Mars chimene mayiko a ku Ulaya ndi Russia anatumiza mu 2016 makamaka kuti chikafufuze mipweya yotereyi. Makina ake ndi akuthwa kwambiri, koma zotsatira za mu 2019 zinati palibe methane, ngakhale magawo 0.05. Ena anati kusiyanaku kukubwera chifukwa Curiosity imayeza usiku, pafupi ndi nthaka, mpweya uli bata, pomwe chombocho chimafuna kuwala kwa dzuwa ndipo chimayeza mpweya wa m'mwamba. Atayeza masana ndi Curiosity, anapezadi kuti palibe. Komabe zimenezi sizikuthetsa mlandu, chifukwa methane wotuluka usiku uliwonse akanayenera kumaunjikana kwa zaka 300 mpaka chombocho kumuona. Kevin Zahnle wa ku NASA komweko wakhala akunena kuti mwina gwero lake ndi Curiosity yeniyeniyo, popeza m'kachipinda kena ka makina ake munatsalira mpweya wa ku Florida, kumene inanyamukira pochoka padziko pano. Anzake amene amayendetsa makinawo amakana, akuti zimenezo amaziwerengera poyeza.

Ine ndimafunitsitsa kuti ku Mars kudzapezeke moyo, ndipo nkhani ya magawo 21 ya mu June 2019 ija inandisowetsa tulo. Koma sindingauze ana kuti utsi ukusonyeza moto pamene anthu akutsutsanabe ngati ndi utsi kapena nkhungu.

Funso la mwana uja likhoza kufunsidwanso za K2-18b, pulaneti yomwe ili kutali moti kuwala kumatenga zaka 124 kuti kufike kuno. Mu 2023 makina oonera zakuthambo otchedwa James Webb anapezako methane wambiri, koma mapulaneti okhala ndi hydrogen wochuluka, monga Neptune, amakhala ndi methane mwachibadwa.

Ana akafunsa kuti umboni wamphamvu ungakhale wotani, muwapatse ziwiri. Methane ndi okosijeni amawonongana, ndiye zikapezeka pamodzi zochuluka papulaneti imodzi, pamakhala chinachake chimene chikuziwonjezera mosalekeza, monga zilili pano. Chachiwiri, tizilombo timakonda carbon yopepuka, carbon-12, kuposa carbon-13, choncho methane wa zamoyo amakhala wopepukirapo. Wa ku Mars ndi wochepetsetsa moti Curiosity singathe kuyeza zimenezi mumpweya. N'chifukwa chake ambiri akudikira kagalimoto ka ku Ulaya kotchedwa Rosalind Franklin, kamene kakonzedwa kuti kakaboole nthaka mamita 2 kukafufuza zotsalira za zamoyo kumene dzuwa silifika.