Funsani Amakaniko: Aqua kapena Mira, iti imaononga chilengedwe pang'ono?

FUNSO: Akulu, ine ndine mphunzitsi ndimakhala ku Chibavi, ndasunga kandalama ndikufuna kuitanitsa galimoto ku Japan. Mtima wanga uli pa Toyota Aqua koma alamu anga akuti za hybrid zi, zoyendera petulo ndi batire, ndi zonamiza anthu, eti popanga batire lake amakumba migodi kuononga dziko ndiye likafa mulitaya kuti? Iwo akuti bola Mira basi. Tinakangana mpaka nsima kuzizira, komanso mwana wanga ali mu kalabu ya wildlife kusukulu kwawo ndiye akundiyang'anitsitsa kuti adadi asankha chani. Zoona zake ndi ziti? Wanu, wowerenga wa ku Chibavi

YANKHO: Aphunzitsi, alamu anuwo sananame zonse ayi, angoima panjira nkhani isanathe. Batire la Aqua zakale zomwe timaitanitsa kunozi, zomwe zinayamba kutuluka mu 2011, ndi la nickel-metal hydride, ndiye nickel yo amachita kukumba, yambiri masiku ano ikuchokera ku Indonesia. Mu batiremo ndi mu mota yake yamagetsi mulinso timiyala tija amati rare earth, mtundu womwewo womwe mumamva kuti unapezeka ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe. Onjezani kuti Aqua imalemera kupitirira tani imodzi pomwe Mira e:S ya 2011 ndi makilo 730 okha, ndiye zoona, pochoka ku fakitale Aqua imakhala ili kale ndi ngongole yaikulu ku chilengedwe kuposa Mira.

Koma galimoto sitigula kuti izingokhala pakhonde. Utsi wambiri womwe galimoto ya petulo imatulutsa pamoyo wake onse umachokera mu thanki, osati ku fakitale, lita imodzi ya petulo mukaiotcha imatulutsa makilo pafupifupi 2.3 a carbon dioxide, mpweya uja ukutenthetsa dziko. Ndiye funso lenileni ndi lakuti pachaka muotcha malita angati.

Tiyeni tiwerengere ngati tili mkalasi mwanu. Pa mapepala a ku Japan Aqua yoyamba analemba makilomita 35.4 pa lita, Mira e:S 30, koma amenewo ndi manambala a mu labu, kulibe mabampu a ku Mchengautuwa kapena matope a mu February. Tingoyerekeza kuti Aqua yanu ikupatsani 25 ndipo Mira 20. Munthu wa taxi woyenda makilomita 20,000 pachaka aotcha malita 800 pa Aqua, 1,000 pa Mira, kusiyana malita 200, omwe ndi makilo 460 a utsi chaka chilichonse, ngongole ya ku fakitale ija imabwezeka ndithu zaka zikamapita. Koma inu ngati ulendo wanu ndi Chibavi, kusukulu, ku tchalitchi, kamodzikamodzi ku Ekwendeni kukaona achibale, mwina makilomita 5,000, kusiyana ndi malita 50 basi. Pamenepo Mira siyoti muichitire manyazi olo pang'ono.

Chomwe chimapangitsa hybrid kuwina ndi kuimaima. Kaimeni pa roundabout ya Katoto cha m'ma 5 koloko madzulo muone, magalimoto ali ndondondo, akabaza akulowerera mbali zonse, Mira ili phee koma injini ikulira kumwa mafuta pachabe (kupatula zija zili ndi idle stop yozimitsa injini galimoto ikaima, ngati ikugwirabe), pomwe Aqua injini yazima kale ikungokwawa ndi batire mwakachetechete mpaka oyenda pansi kudzidzimuka. Mukaponda buleki mota yamagetsi ija imasanduka jenereta kubwezera magetsi mu batire. Potsetsereka kupita ku Nkhata Bay mumaona timizere ta batire pa dashboard tikudzadza tokha, kungoti batirelo ndi laling'ono limadzadza msanga, ndiye pobwera kukwera phiri injini ndiyomwe imagwira ntchito yaikulu. Pa msewu wautali ngati wodutsa mu Chikangawa kupita ku Lilongwe phindu la hybrid limachepa, komabe kumeneko ka injini ka 660cc ka Mira mutakweza anthu anayi ndi thumba la chimanga kamalira momvetsa chisoni ndipo mafuta kamamwa ndithu, pomwe 1500cc ya Aqua ikungoyenda bwinobwino.

Dziwaninso kuti Aqua simuichaja ku ESCOM, ena amafunsabe zimenezi. Magetsi ake onse amachokera ku petulo yemweyo wobwera pa mathanka kuchokera ku Dar es Salaam kapena Beira.

Tsopano pomwe alamu anu ndikuwapatsa mapointi. Ife sitigula zatsopano, timagula galimoto yoti yatha zaka khumi ku Japan, batire latopa kale. Batire likafooka injini imangolira nthawi zonse, ndiye mwatsala ndi galimoto wamba yonyamula chikatundu chakufa pansi pa mpando wakumbuyo, 25 uja mumuiwale. Ndipo chimapha mabatire kuno kwambiri ndi fumbi. Pansi pa mpando wakumbuyo pali kabowo kolowera mphepo ndi ka fan koziziritsa batire, mwezi wathawu ndinatsegula ina ku galaja ndinapeza ka fan katatsekeka ndi fumbi lofiira, ulusi wa chitenje ndi makoko a mtedza, mwiniwake amvekere ndimaona ngati ndi sipika. Muzikatsukitsa kameneko, ndipo osatsamiritsapo zikwama. Batire likafa musalole ana aliphwasule kuseri kwa nyumba, lili ndi magetsi opitirira mavolti 100 komanso mankhwala owotcha khungu, lisiyeni kwa amakaniko odziwa hybrid, ambiri amasankhamo ma cell abwino kukonzera mabatire ena.

Ine ndikanakhala inu, ndi maulendo a uphunzitsiwo, ndikanatenga Mira yosamalika, ndalama yotsalayo matayala abwino ndi service. Koma ngati mukuganiza zoti madzulo ndi weekend izipanga ka taxi Luwinga mpaka m'tauni, tengani Aqua, koma mupimitse batire pa kompyuta musanalipire, kapena ikangolowa pa boda ya Songwe ngati mwaitanitsa.

China chomwe nonse awiri simunatchule, iliyonse mungagule yang'anitsani ku ekizozi ngati catalytic converter ilipo. Kachitsulo kameneka kamasefa utsi wa poizoni womwe timapuma ife oyenda m'mbali mwa msewu, koma poti mkati mwake muli platinum anyamata ena amakachotsa kukagulitsa nkuwotcherera paipi wamba, mwini galimoto osadziwa. Mukamva fungo loswa mphuno kumbuyo kapena ekizozi ikulira ngati njinga yamoto, kwezani galimoto pa pit muone nokha, alamu anuwo muwatenge akagwire tochi.